Wailesi Yopanda Moni

Mwana wa mlongo wanga, wa Giredi 11, anabwera Loweruka foni ili m'manja. "Malume, tamverani podikasiti iyi, mundiuze maganizo anu." Ndinakhala tsonga pampando. Kwa ife Achewa malume ndiye mwini mbumba, koma chichotsereni boma fizi mu 2022, ntchito yanga pa mwanayu inangotsala yomubwereka njinga. Kufunsidwa nzeru kunandikomera.

Kwa inu amsinkhu wanga, podikasiti ndi wailesi yodya bandulo m'malo mwa mabatire. Iyi munali mnyamata ndi mtsikana a ku Lusaka, akukambirana zimene anasankha pa unyamata wawo. Ankalankhula chapansipansi ngati ali pasiwa, kapiyano kakulira kumbuyo.

Choyamba kundinyansa n'chakuti mulibe moni. Pa Breeze FM ya ku Chipata umatha kumva dzina la mudzi wako, n'kudziwanso kuti msuweni wako akali moyo. Awa anatha mphindi 40 osapereka moni ngakhale kwa apongozi.

Ndiye mavuto awowo! Mtsikanayo akuti anasowa tulo miyezi itatu posankha pakati pa UNZA ndi Copperbelt University. Ndinaseka mpaka kutsamwa. Ine ndili ndi zaka 13 ndinasankha pakati pa Giredi 7 ndi ng'ombe za eni. Pangano la ubusa kuno ku Chadiza mukulidziwa: uwete zaka zinayi, akupatsa ng'ombe yakoyako. Aphunzitsi ankalonjeza tsogolo, koma tsogololo sanandionetsepo ngakhale mchira wake. Mwini khola anandigwira pamkono n'kundilozera kathole kofiira, kabanga loyera pamphumi. Ndinasankha chokhala ndi miyendo.

Zaka zinayi kudambo, mvula yonse pamsana, nkhomaliro ya mbewa zootcha, nkhonya ndi abusa anzanga. Kathole kanakula, ndinakakoka kupita nako kwathu mudzi wonse ukuona. Patangotha miyezi iwiri, matenda a nkhupakupa anakagwetsa. Tinadya masiku atatu. Chikopa chake chili pa ng'oma ya kwaya kutchalitchi kwathu mpaka lero. Satifiketi yanga ndi imeneyo, ndipo imamveka Lamulungu lililonse.

Chakumapeto mnyamata wa m'foniyo anafunsa kuti munthu utakumana ndi iwe mwini wa zaka 16, ungamuuze chiyani. Kenako zii. Ndinayesa netiweki yathawa, poti kuno kufupi ndi malire a Mozambique sichedwa kutero. Ayi ndithu, anangokhala chete dala. Ndinamuona mnyamata woweta ng'ombe uja kudambo, mkwapulo m'manja, kabudula wobooka kumatako, akumva belu la sukulu chapatali n'kumaseka anzake kuti ndi opusa. Utsi wa kukhitchini unandilowa m'maso, ngakhale amake ana anali asanakoleze moto.

"Malume, mukulira?"

"Iwe, aimbire anthu amenewa, ndiwayankhe."

"Siimbidwa, malume. Anajambula kalekale."

Taonani chipongwe. Akufunsa funso munthu wamkulu, wandevu zake, iwo n'kukhala atapita kale.

Mwanayo ndamuuza kuti pa 10 ndaipatsa 4: moni mulibe, nyimbo yake yosavinika, bandulo imatha ngati mchere wobwereka. Iye wangoti chabwino, gawo lachiwiri amvera yekha, akuti likunena za makolo. Ndamuuza kuti zoterozo mwana samvera popanda wamkulu. Mawa ndikwera njinga kupita pa boma kukagulitsa tambala. Amake ana ndawauza kuti ndi za feteleza.