Zinalembedwa pa Basi

Malamulo a ku Britain ali ndi nthabwala zake. Pa referendamu ya pa 23 Juni 2016, yofunsa ngati dzikolo lituluke mu European Union kapena likhalebe, Mpolishi amene anakhala ku Leicester zaka khumi akukhoma msonkho sanaloledwe kuvota. Koma Mmalawi wa mapepala ake, poti kwawo ndi ku Commonwealth, analoledwa. Chotero anthu ena amene kumudzi sanavoterepo ngakhale khansala anapezeka atanyamula tsogolo la Ulaya m'manja, ndipo analinyamula monyadira.

Eni dziko sakonda kukangana za ndale pamaso. Mzungu amamata chikwangwani pawindo, ndiye mukakumana potulutsa zinyalala amakuuzani za mvula. Ife sitinaleredwe choncho. Loweruka lomaliza voti isanachitike kunali phwando la mwana m'holo ya tchalitchi. Pakhadi analemba 2 koloko, anthu anayamba kufika cha m'ma 5, ndipo pomwe nsima imaphulidwa n'kuti holo itagawanika pakati.

Otuluka ankatsogoleredwa ndi a Tcheyamani a bungwe lathu, oyendetsa takisi.

"Alendo achuluka m'dziko muno," anatero akusamba m'manja, m'Chichewa chakechake cha ku Ntcheu. "Apolishi, Aromaniya, angokwera basi n'kutulukira, opanda viza. Ine kuti mayi a kunyumba abwere kuno ndinalipira ndalama zomangira nyumba ku Area 25. Titseke chitseko cha Ulaya, atitsegulire ife a Commonwealth."

Amayi a Msungichuma, amene amagwira ntchito ya usiku kunyumba yosamalira okalamba, anatsika nacho chipande.

"Bambo Tcheya, ndifunse nawo mwaulemu. Mzungu akamati alendo achuluka, akakuonani inuyo amati uyu ndi mwana wa ku Yorkshire?"

A Tcheyamani anayankha kuti iwo ali ndi pasipoti yofiira, ndipo akanaitulutsa pompo manja akanakhala ouma.

Apa panalowerera bambo wina amene mkazi wake ndi namwino. Iye nkhani yake inali imodzi: basi yofiira imene a Boris Johnson ankayenda nayo. Pambali pake analembapo kuti Britain imatumiza mapaundi 350 miliyoni sabata iliyonse ku EU, ndipo ndi bwino ndalamazo zipite ku zipatala za NHS. Bamboyo anali atawerengera kale gawo la mkazi wake, n'kusankhiratu galimoto.

"Achimwene, ndalama imeneyo si yoona," anatero wina. "Sanachotserepo zimene zimabwerera."

"Zinalembedwa pa basi. Munthu angalembe bodza pa basi, zilembo zazikulu choncho?"

"Kwathu pa minibasi amalemba kuti Mulungu ndiye woteteza," anatero a Msungichuma, "mabuleki mulibe."

Pakona panakhala agogo ena amene anabwera kudzalera chidzukulu, pa viza ya mlendo. Voti analibe, koma mbali zonse ziwiri zinkawafuna, chifukwa mkangano wa Amalawi sutha popanda munthu wa imvi wougwedezera mutu. A Tcheyamani anawagwadira pang'ono n'kuwafotokozera kuti azungu akufuna kutuluka m'chitaganya.

Nkhope ya agogo inawala. "Atuluke! Ifenso tinatuluka. Anatimangirira ku Rhodesia mu 1953, zonse zikulamulidwa ku Salisbury, koma pofika 1963 chinatheratu."

Otuluka anaomba m'manja. Mnyamata wina wa digiri yachiwiri anaimika dzanja n'kufotokoza kuti zinthuzo n'zosiyana: chitaganya chija anthu akuda sanafunsidwe, pomwe Britain inachita kupempha yokha kulowa, a de Gaulle a ku France n'kuikaniza kawiri, mpaka inalowa mu 1973, kenako mu 1975 anthu ake anavota okha kuti akhalebe. Zonse zinali zoona, koma mnyamatayo sanakwatire, ndiye anamutuma kukatenga zakumwa m'galimoto.

Agogo anali asanamalize.

"Ndiye amene akuwazunza azunguwa ndani, mwanawe?"

"A ku Brussels, agogo."

"Amawakwapula?"

"Ayi, amangowaikira malamulo. Za nsomba, za malonda, ena akuti ngakhale za nthochi."

"Nanga mtsogoleri wawoyo anamutsekera kuti? Kamuzu mu 1959 anamutsekera ku Gwelo."

"A Johnson sanatsekeredwe, agogo. Anali meya wa London."

Agogo anayang'ana a Tcheyamani nthawi yaitali, kenako anapempha kuti awawonjezere ndiwo.

Lachisanu m'mawa zotsatira zinatuluka: 52 pa 100 alionse anati tituluke, 48 anati tikhale. Scotland ndi London anakana kutuluka, Leicester nayenso anakana koma mwa mwayi chabe. A David Cameron, amene anaitanitsa votiyo, analengeza m'mawa womwewo kuti akutula pansi udindo. Paundi inagwa kufika pomwe sinafikepo kwa zaka zoposa 30, ndipo aliyense wotumiza ndalama kumudzi anazimva m'thumba. Tsiku lomwelo a Nigel Farage anati pa TV lonjezo la mapaundi 350 miliyoni lija linali kulakwitsa, ndipo silinali lawo. Bambo wa galimoto uja sanaoneke ku tchalitchi milungu ingapo.

A Tcheyamani anaoneka, koma anati sanavote nawo, tsikulo anali ndi ulendo wa ku bwalo la ndege. Anadandaulanso kuti neba wawo wachizungu, amene kwa zaka zambiri ankangowauza za mvula, anawagwira paphewa n'kunena kuti asadandaule, ponena za alendo sankanena za iwo. A Tcheyamani mpaka lero sanadziwe ngati amayenera kuthokoza.

Kutulukako kunatenga nthawi kuposa phwando lathu. A Theresa May anabweretsa pangano lawo ku Nyumba ya Malamulo katatu, katatu konse linakanidwa, iwo n'kuchoka. A Johnson analowa, dziko linatuluka pa 31 Januwale 2020, ndipo a Tcheyamani analandira pasipoti ya buluu imene amaima nayo pamzere wautali akapita ku Spain.

Chimene chinatibwezera ulemu ndi Seputembala 2021. Oyendetsa malole anachepa, mafuta sanafike kumalo omwetsera, ndipo azungu anayamba kufola ndi magalimoto, ena mpaka kugwirana m'makolala. A Tcheyamani anajambula mzerewo n'kutumiza ku Lilongwe kuti abale awamvere chisoni. M'malo mwake kunabwera uphungu wa akatswiri: fikani usiku, pitani ndi bulangete, dziwanani ndi wothira mafuta, chigubu musachionetse poyera. Mlamu wawo anafunsanso ngati angawatumizire kangachepe.

Kenako nyumba za okalamba zinasowa antchito, ndipo mu 2022 boma linatsegula viza ya osamalira odwala ndi okalamba. Anthu anabwera ambirimbiri kuchokera ku India, ku Nigeria, ku Zimbabwe, ngakhale kwathu. Apa a Tcheyamani anakumbukira kuti tsiku lija anavota ndithu, ulendo wa ku bwalo la ndege unali wa madzulo, ndipo zonsezi anazioneratu.

Pa phwando lapitali anali m'malo awo akale, pafupi ndi mphika wa nyama, akudandaula kuti Manaijeriya achuluka mu Leicester moti ufa ukumatha msanga m'sitolo. Atamaliza anaitanira a Msungichuma pambali, n'kutsitsa mawu.

"Mayi, kuntchito kwanu kuja sakulemba? Ndili ndi mphwanga ku Ntcheu, mwana waulemu kwambiri."