Mkuyu wokwawa

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Akuluakulu ankatero pochenjeza mnyamata wotengeka ndi nkhope. Zoti mwambiwu udzagwira ntchito pa njoka sanazilote, pakuti ndani akanaganiza kuti munthu wamutu wake angatulutse ndalama kugula njoka, kuipatsa dzina, n'kumaiyatsira magetsi kuti isamve chisanu?

Komatu ku America ndi ku Ulaya imeneyi ndi bizinesi. Yoyenda malonda kwambiri ndi kansato kofatsa kochokera ku Ghana, Togo ndi Benin, kotchedwa ball python, kamene kakachita mantha kamangodzikulunga n'kubisa mutu. Kutchire kamavala zakuda ndi zabulauni basi. Oweta anaona kuti yunifolomu imeneyi siikopa wogula, ndiye anayamba kusoka zatsopano: zachikasu, zoyera mbee, zamawangamawanga. Mu 2021 woweta wina wa ku Georgia ku America, Justin Kobylka, anagulitsa imodzi pa madola 6,000 chifukwa mawanga ake ankaoneka ngati tinkhope tomwetulira.

Tsono tiung'ambe mkuyuwo. Maonekedwe ena, monga a zigamba zoyera otchedwa piebald, amatuluka pokhapokha mwana akatengera kwa bambo ndi mayi omwe. Woweta wofulumira ndalama amangokwatitsa mchimwene ndi mlongo wake, kapena kubweza mwana kwa mayi ake om'bala. Chimenechitu si chisuweni ayi. Ankhoswe atamva ukwati wotere akhoza kunyamuka osatsanzika. Ndipo magazi akamangozungulira m'nyumba imodzi, zilema zimene zinabisala nazo zimapezana.

Pali ina yotchedwa spider, yatimizere topyapyala tosiririka. Iyi siifuna n'komwe ukwati wapachibale, chifukwa kukongola ndi matenda zinabwera m'thumba limodzi. Mutu umagwedera, nthawi zina imadzipotokola mpaka kuzondoka, ikati ijomphe khoswe imajompha mphepo. Ofufuza anapeza kuti m'kati mwa khutu lake simunaumbike bwino. Oikonda amaikira kumbuyo kuti imadya ndithu ndiponso imaswana, ngati kuti woledzera akamaliza nsima ndiye kuti wayenda mowongoka. Mu 2018 bungwe la ku Britain la International Herpetological Society linaletsa kugulitsa njoka zimenezi pa zionetsero zake.

Apa ndiye mwambi uja wachepa mphamvu. Mumkuyu nyerere zimalowa zokha, ndipo wolumidwa ndi iwe wosusuka. Munjokamu nyerere waikamo ndi mwini munda, akudziwa, ndipo wolumidwa ndi mkuyu womwewo, kwa zaka zimene zimatha kufika 30. Ine njoka sindiikonda, koma apa ndaima nayo.

Ndiye palinso cinnamon. Ukakwatitsa ziwiri zamtundu umenewu, mwa ana ake mumatuluka akuda bii, osalala mochititsa kaso, koma ena amaswa ndi msana wokhota ndiponso mlomo wophwatalala. Munthu walipira njoka, kunyumba wapita ndi bakha wopanda miyendo ndi mapiko omwe.