Chingerezi cha mu Lusaka ndi Kagwiritsidwe Kake

Chingerezi chinakhazikika mu Lusaka pamodzi ndi maofesi a boma, mzindawu utasanduka likulu mu 1935 m'malo mwa Livingstone. Ufulu utabwera mu 1964, azungu ambiri anamanga katundu wawo, koma chilankhulo anachisiya ngati kabati yolemera yokanika kukweza m'sitima, ndipo lamulo la maphunziro la 1966 linachilowetsa m'kalasi kuyambira giredi 1. Chiyambire nthawi imeneyo mawu a Chingerezi akhala akudya nsima ya kuno, ndipo ena ananenepa moti kwawo sangawazindikirenso. Wofuna kuchulukitsa mawu ake adziwiretu kuti dikishonale imangotchula dzina la liwu. Ntchito imene liwulo limagwira imaphunziridwa pa siteshoni ya basi ya Kulima Tower.

Oyamba kuwadziwa ndi mawu a pamsewu. "Robot" si chidole chachitsulo cha m'mafilimu, koma magetsi a pamphambano, amene madalaivala a minibasi amawaona ngati malangizo a apongozi: amamvedwa mwaulemu, kutsatira ndi nkhani ina. "Footing" ndi kuyenda wapansi ndalama ya basi itatha, ngakhale woyendayo akakumana ndi mnzake pa Cairo Road amati akulimbitsa thupi. Wopita kukachezera munthu n'kupeza loko pachitseko amati "ndabaunsa", ndipo amene anamubaunsitsayo amatchedwa "movious", ndiye kuti woyendayenda. Liwu limeneli aphunzitsi amalidula ndi cholembera chofiira, kenako n'kukaligwiritsa ntchito okha ponena mnzawo amene sapezeka m'kalasi Lachisanu.

Mawu a nthawi ndi ovutirapo. Munthu akati "I'm coming" amakhala akutuluka, nsana ukuoneka kale pakhomo. "Just now" ndi nthawi ina iliyonse pakati pa lero ndi mvula yoyamba. "Now now" ndi pafupi ndithu, pokhapokha ngati wolankhulayo ndi kondakitala wonena za kunyamuka kwa basi ya ku Chelstone imene muli anthu anayi, atatu mwa iwo ali anzake ongokhalira mipando kuti ioneke yodzaza. "Month end" si tsiku la pakalendala. Ndi malo kumene ngongole zonse zimakasungidwa.

Pa ndalama pali liwu lakuti "pin". Kale linkatanthauza K1,000, koma mu 2013 kwacha inachotsedwa maziro atatu, ndipo liwulo linatsala ndi nkhope ziwiri. "Five pin" ya mnyamata wonyamula katundu ku City Market ndi K5. "Five pin" ya eni nyumba ndi K5,000. Wophunzira wanzeru amayamba wayang'ana nsapato za wolankhula asanagwire m'thumba.

Chachikulu kwambiri pa phunziroli n'chakuti liwu limasintha malingana ndi dera. Mzinda weniweniwo unagawidwa ndi mawu awiri a Chingerezi: "compound" inabala komboni, "yard" inabala mayadi. Lamulo lake ndi losavuta: liwu limatalika molingana ndi mpanda wa nyumba, umene kuno umatchedwa "wall fence" kuti wina asaganize kuti ndi wa udzu. Kusowa ndalama ndiye chitsanzo chabwino. Ku Kabwata munthu amangoti ali "broke", n'kupempha mchere kwa aneba. Ku Chelstone amati zinthu zili "tight", ndipo amanena akuyang'ana kumbali. Ku Woodlands, kumene kuli madala ambiri opuma ntchito ya boma, vuto lomwelo ndi "financial constraints", ndipo limalengezedwa ataimirira, dzanja lili pabatani la jekete. Ku Kabulonga kulibe wosauka. Kuli "cash flow" chabe, ndipo liwulo limatulukira m'mphuno. Onsewa madzulo amadya kapenta yemweyo, kungoti ena amamuika m'mbale yagalasi.

Madala a ku Woodlands aja ndiwo nkhokwe ya mawu aatali, ndipo amaitsegula pa misonkhano ya komiti ya ukwati. Kumeneko "notwithstanding" amatanthauza kuti wolankhula sanamalize, "with immediate effect" ndi mawa kapena mkuja, ndipo "pledge" ndi ndalama yotchulidwa mokweza anthu akuomba m'manja, imene msungichuma adzaifunafuna pa foni mpaka mkwatibwi atabereka mwana woyamba. Amayi nawo ali ndi "kitchen party", phwando limene silichitikira m'khitchini, ndipo mphatso zake ndi mafiriji. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, madera onse anagwirizana kamodzi pa liwu limodzi, "load shedding", moti ngakhale agogo osapita kusukulu ankalitchula bwinobwino akukoleza mbaula.

Njira zophunzirira mawu atsopano n'zodziwika: kuwerenga nyuzipepala, kumvera zokambirana za aphungu pawailesi, ndi kuloweza mawu asanu patsiku kuchokera pa foni. Vuto limabwera pofuna kuwayesa. Liwu latsopano limayabwa pakamwa ngati chitedze, ndipo mwini wake sagona mpaka atalitula pa munthu. Kalaliki wina wongoyamba ntchito akaloweza "exorbitant" m'mawa, masana amapezeka nalo ku Soweto Market, ataima pa mulu wa tomato, tayi ili pakhosi.

"Madam, these tomatoes are exorbitant."

Mayi wogulitsa salidziwa liwulo, koma mtengo wake amaudziwa. Amamuyang'ana mnyamatayo kuyambira kutayi mpaka kunsapato, n'kupukuta tomato mmodzi ndi chitenje.

"Ni twenty kwacha, ba boss."

Mulu womwewo wangogulitsidwa kumene pa K10 kwa mtsikana amene anati, "Amai, nichitileniko bwino," ndipo analandira ndi mbasela. Akatswiri a zinenero alibe dzina la msonkho umenewu, koma umakhomedwa pa liwu lililonse lopitirira zilembo zisanu ndi chimodzi. N'chifukwa chake anthu a ku Kabulonga akafika pamsikawu amasiya Chingerezi chawo m'galimoto pamodzi ndi magalasi a dzuwa, n'kutseka mawindo onse, ndipo amachitenganso akabwerako kumsika, akamauza mnyamata wa wilibala kuti asamale penti.