Kunenerera Mtengo ndi Mulungu

Boma linalengeza mu 1994 kuti pulayimale ndi yaulere, koma thumba langa uthengawo silinaulandirebe. Teremu iliyonse pamabwera kandalama ka chitukuko, ka mlonda, ka malipoti. Sabata yatha ndinapatsa wachisamba wanga, wa Sitandade 6, K5,000 yoti akapereke kusukulu. Inakathera pachiwaya, yotsala anakaonera filimu ya karate ndi anzake.

Usiku, ndikutuluka kukataya madzi, ndinamumva atagwada kuseri kwa khola la nkhuku.

"Ambuye, nanunso munaona mmene tchipisi chija chimanunkhirira. Chonde nditole ndalama panjira. Mukatero ndipita ku Sande sukulu masabata anayi osajomba." Anakhala kaye chete, kudikira yankho. "Chabwino, asanu. Ndiikapo ndi kutsuka mbale. Koma za kusiya mpira musayambe n'komwe, pamenepo tisiyana. Zikavuta, adadi adwale pang'ono, kamkono kokha, kaja amakwapulira."

Lamba ndinali nditamasula kale, koma pempherolo ndinalizindikira. Ndi langa. Mwezi ukafika pa 20, a landilodi akayamba kutsokomola pageti, ine ndimalonjeza chakhumi, kusiya bawo, kusiya kubetcha Bullets ikamasewera ndi Wanderers, ngakhale kulowa kwaya, chikhalirecho ndikaimba agalu a aneba amayamba kuuwa. Malipiro akalowa ndimauza Ambuye kuti tikambirana mwezi wamawa. Ngongole yanga kumwamba inayamba kwacha isanagwe mu 2023, ndipo ndikuopa kuti angelo anaiwerengeranso pamtengo watsopano.

Amayi ake nditawafotokozera sanadabwe. "Paja amati make mbuu, mwana mbuu. Kuno kwathu mbuuyo ndi inu, bambo."

M'mamawa ndinakongola K5,000 kubanki m'khonde ya amayi akewo (chiwongoladzanja salekerera, ngakhale uli mwamuna wawo) ndipo ndinakaiponya pakanjira kopita kumjigo. Mnyamata anaitola, nakuwa aleluya mpaka nkhuku zinabalalika. Kusukulu anakaperekadi, lisiti ndinaiona.

Madzulo ake ndinakabisalanso kukhola kuti ndimve mawu oyamika.

"Zikomo Ambuye. Koma poti simunavutike kwenikweni, masabata aja tiwachite awiri. Tsopano pali nkhani ya njinga."

Abale, amene akudziwa komwe kuli ganyu Loweruka lino andiuze msanga. Mwanayu akufuna ya magiya.