Katswiri wa siteki, nyama kulibe

M'kabati mwathu muli kabotolo kamene ana saloledwa kukakhudza. Kanalembedwa dzina la Montreal, mzinda wa ku Canada. M'kati muli tsabola wakuda wongophwanya, adyo wouma, njere za coriander ndi dill, tsabola wofiira ndi mchere wamibulu. Mtengo wake mayi akunyumba saudziwa, ndipo ngati mumapemphera nawo limodzi, chonde tisungirane chinsinsi.

Akuti zokometserazi zinayambira pa Schwartz's, malo odyera amene Reuben Schwartz, Myuda wochokera ku Romania, anatsegula mu 1928. Ankazipaka pa nyama ya ng'ombe yofutsa ndi utsi, mpaka wantchito wina wowotcha nyama anayamba kuwazako pa chiwindi chake, makasitomala n'kumati nafenso mutiwazire. Nkhani ya chiwindiyi imanditonthoza mtima, chifukwa ndiye kuti ine ndi azungu a ku Canada tinayambira pamodzi, pa chiwaya. Tsabola wakudayo ndi wa ku India. Vasco da Gama anazungulira Africa, kudutsa gombe la Mozambique mpaka kukafika ku Calicut mu 1498, akufuna zinthu ngati zomwezi. Ine ndinangokwera minibasi ya m'tauni, kungoti pobwerera ndinayenda wapansi.

Malamulo owotchera siteki ndimawadziwa onse, ndipo anzanga a pa bawo anatopa nawo. Nyama uyambe waipukuta iume, chifukwa yonyowa imangobwata m'madzi ake osafiira. Uwaze mbali zonse, udinde ndi chikhatho kuti njere zimatirire. Mchere usawonjezere, uli kale momwemo. Makala ayake bwino, chiwaya chitenthe, koma maso akhale pomwepo popeza adyo sachedwa kupserera, ndipo akapserera amawawa ngati nimu. Ukaiphula, ipume kaye mphindi 5 kuti msuzi wake usatayike podula. Lamulo lomalizali analemba munthu wopanda ana. Kwathu nyama ikati ipume, imapumira m'mimba mwa mwana wathu Mphatso.

Chimene chimasowa ndi sitekiyo. Imabwera pakutha pa mwezi, ndipo ya kubutchala yathu imakhala ya ng'ombe imene inakoka ngolo mpaka kupuma pa ntchito. Ndikangoti ndiigoneke yathunthu pachiwaya, mpeni wa mayi wafika kale.

"Bambo a Mphatso, chinyama chonsechi munthu mmodzi? Ndiwo zimenezi zifike mawa."

Basi, nthulinthuli, tomato, anyezi, madzi odzaza poto. Choncho ukatswiri wanga umathera pa soya pieces ndi mazira. Bonya wa ku Montreal amadyedwa kwathu kokha dziko lonse lapansi.

Atabwera apongozi kuchokera ku Ntcheu, ndinati lero adziwe kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wozindikira. Ndinawaza mosaumira. Analawa, anatafuna, kenako anafunsa mwana wawo ngati tsabolayo akudwala. Anamasula mfundo ya chitenje, n'kutulutsa tikambuzi tawo.

Ndinakhala chapatali monga mkamwini wamwambo, n'kufotokoza kuti tsabola wakuda ndi kambuzi si pachibale: wakuda amawawa chifukwa cha piperine, kambuzi chifukwa cha capsaicin, ndipo wakudayo amaphwanyidwa mwamibulu kuti fungo lisathawe msanga. Anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, akutsina kambuzi mumsuzi. Kenako anatembenukira mwana wawo:

"Kodi bambowa kuntchito akupitabe?"