Laputopu Ikuti Maola 9, ZESCO Ikuti Atatu

Aliyense woyenda mumsewu wa Alick Nkhata mu Lusaka amadziwa kuti Kalingalinga ndi komboni ya anthu a manja. M'mbali mwa msewu mumakhala mageti achitsulo, mafelemu a zitseko, mabedi, timanyumba ta agalu ndi milu ya miyala yoswa ndi hamala, zonse zoyalidwa poyera kudikira kuti bwana wa ku Kabulonga aimitse galimoto. Kumeneko mmisiri amadziwika ndi zipsera za m'manja ndi phokoso lomwe amasokosa nalo anzake. Choncho mnyamata akabwera ndi kamakina ka mizati iwiri, n'kukaika pa tebulo m'chipinda cha lendi, n'kunena kuti nayenso ndi mmisiri pomwe tsiku lonse amangoyang'ana laputopu, anthu amayamba amuonerera kaye.

Kamakinako ndi printa ya 3D. Yotchuka kwa oyamba kumene ndi Ender 3 ya kampani ya Creality ya ku Shenzhen, yomwe inatuluka mu 2018 pa mtengo woti wophunzira wa pa yunivesite ya UNZA atha kuulakalaka osachita manyazi. Imameza ulusi wa pulasitiki wonenepa mamilimita 1.75, kuusungunula, n'kuutulutsira pa kabowo ka mamilimita 0.4 kwinaku mutu wake ukuyendayenda. Nzeruyi si ya dzana. Scott Crump wa ku America anailembetsa mu 1989, ndipo mpaka 2009 makina otere anali a makampani a matumba olemera. Umwini wa nzeruyo utatha, anthu a RepRap, ntchito yomwe Adrian Bowyer anayambitsa pa yunivesite ya Bath mu 2005, anali atamwaza kale mapulani aulere pa intaneti. Ku Lomé m'dziko la Togo, Afate Gnikou anafika popanga yakeyake mu 2013 ndi zidutswa za makompyuta otayidwa kudzala. Nkhani ya ku Togoyi ndi yokhayo imene owotcherera a mu Kalingalinga amaimva n'kugwedeza mutu movomereza, popeza kwa iwo chinthu chotha ntchito kulibe.

Makinawo paokha ndi mbuli. Ukawaonetsa chithunzi cha kapu sadziwa poyambira. Pamafunika pulogalamu yotchedwa slicer, monga Cura, yomwe David Braam anayamba kulemba ndipo imasamalidwa ndi kampani ya Ultimaker ya ku Netherlands, kapena PrusaSlicer ya ku Prague, mwana wa Slic3r ya Alessandro Ranellucci ya mu 2011. Zonse ndi zaulere. Ntchito ya slicer ili ngati ya foromani womanga nyumba: amaona pulani, n'kunena kuti midadada ipita mizere ingati, khoma linenepe bwanji, ndiponso ndi pati pofunika mapolo ochirikiza kuti silabu isagwe isanaume. Ikamaliza imalemba malamulo a G-code. Mzere wakuti G28 ukuuza mutu wa makina kubwerera pakona yake, wakuti M104 S200 ukuti kabowo katenthe madigiri 200. Mnyamata amaika fayiloyo pa kamemori khadi, kukalowetsa m'makina, n'kudina.

Cura ili ndi zosintha zoposa 400. Komboni nayo ili ndi alangizi ochuluka chimodzimodzi, ndipo palibe amene anawaitana.

Amayamba ndi ana, amene amadzaza pawindo mpaka kutseka kuwala. Kenako amabwera mdala wowotcherera, manja kumbuyo, kudzaona mpikisano. Amayang'ana makinawo mphindi khumi akuyala mzere woyamba wa kagiya kakang'ono, n'kufunsa kuti katha liti. Akamva kuti pakadali maola anayi amaseka mpaka kutsokomola. "Iwe mufana, ine mu maola yanayi nasiliza geti!" Malangizo ake ndi amodzi tsiku lililonse: wonjezera moto. Wa kantemba amati vuto ndi liwiro. Mtsogoleri wa kwaya, amene wabwera kudzafunsa za timakiyi holuda tolembedwa dzina la mpingo, amati makinawo akufuna pemphero chifukwa kulira kwake sikukumveka bwino. Mnyamatayo amayankha aliyense kuti "zoona, bakamba," n'kusiya manambala mmene analili.

Nambala yoyamba ndi kunenepa kwa mzere uliwonse. Ambiri amaika mamilimita 0.2, kutanthauza kuti chinthu chotalika masentimita 5 chimafuna mizere 250. Ukatsitsa kufika pa 0.1 chinthucho chimasalala mokongola, koma mizere imakhala 500 ndipo nthawi imawirikiza pafupifupi kawiri. Ukakweza kufika pa 0.28 mizere imaonekera ndi maso, koma ntchito imatha msanga. M'mavidiyo a pa YouTube, azungu a ndevu amasankha pakati pa izi malinga ndi kukongola kumene akufuna. Mu komboni amasankha ndi ZESCO, kampani ya magetsi.

Magetsi a dziko la Zambia, oposa 80 peresenti, amachokera m'madzi. Mvula itakana mu nyengo ya 2023 ndi 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February 2024 kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika kwambiri, kuzimazima kunayamba ndi maola 8 pa tsiku mu March, ndipo pofika September madera ambiri ankakhala maola 21 mumdima. Kuyambira nthawi imeneyo mnyamata wa printa anaphunzira kuwerenga laputopu cham'munsi kumanja, pomwe slicer imalemba nthawi imene ntchito itenge. Ikalemba maola 9 pomwe malaiti abwera maola atatu, kukongola kumayamba kugulitsidwa pang'onopang'ono. Mizere imanenepa, liwiro limakwera kuchoka pa mamilimita 50 pa sekondi kupita pa 70, chinthu chachikulu chimadulidwa pawiri kuti chidzamatidwe ndi guluu. Amadina, kuyang'ana nthawi, kusintha, kudinanso, mpaka nambala igwirizane ndi ndandanda ya ZESCO imene nayonso sisunga pangano nthawi zonse.

Opanga makinawo amati magetsi akathima ntchito itha kupitirira pomwe inalekera. N'zoona ndithu. Chimene sanena mokweza n'chakuti bedi la makina likazizira, chinthucho chimatha kumatuka, ndipo pomwe mutu unaima pamatsala kachotupa. Mutu ukayambanso kuyenda chinthu chitasuntha, umangolavula ulusi m'malere. Amene anagona akuyembekeza vazi ya maluwa amadzuka n'kupeza mulu wa ulusi wopiringizana. N'chifukwa chake ana akakuwa kuti "malaiti yabwela!" cha m'ma 1 koloko usiku, pomwe amayi akuthamangira nsimbi ndi mafoni, mnyamatayu amathamangira batani lotenthetsa bedi, kabudula ali m'mbali.

Nambala yachiwiri ndi imene imabala milandu: infill, kuchuluka kwa pulasitiki wa mkati. Slicer siidzaza chinthu chonse. Imamanga makoma akunja, mkati n'kuikamo timizere topingasa, kawirikawiri 20 peresenti chabe, kwina konse ndi mpweya. Wa ku Lusaka, amene anakula akuyang'anitsitsa wogulitsa makala kuti pansi pa thumba sanaikepo fumbi, sangalandire nkhani imeneyi mosavuta.

Amayi ena a komiti ya kitchen party amabwera kudzatenga zilembo zokhazika pa keke. Amazinyamula, kuziyeza m'dzanja, kuzigogoda ndi chikhadabo pafupi ndi khutu.

"Mwana wanga, mukati mulibe chinthu umu."

"Mami, ndiye mwamene vimankhalila. Vili strong."

"Nalipila ndalama yonse. Nifuna chozula."

Mnyamata amatembenuza laputopu, kukweza infill kufika pa 100, n'kuwaonetsa kuti magalamu akwera ndipo maola awonjezeka. Pulasitikiyu amagulidwa pa kilogalamu, amachokera kunja, ndipo mtengo wake umatsata dola, yomwe mu 2024 inadutsa K25. Amayi amaona mtengo watsopano, kukhala chete pang'ono, n'kunena kuti zopepuka zija zili bwino, keke isalemedwe. Potuluka amapempha mbasela ya kamtima kamodzi kofiira. Zoona zake, zimene mnyamata watopa kuzifotokoza, n'zakuti mphamvu ya chinthu imachokera kwambiri ku makoma. Kuonjezera makoma kuchoka pa awiri kufika pa anayi kumalimbitsa kachinthu ka pulasitiki popanda kudzaza mkati monse. Koma makoma saoneka pa risiti, ndipo kasitomala amafuna kumva kulemera.

Masapoti nawo ndi mlandu wina. Mbali ya chinthu ikapendekeka kupitirira madigiri 45, pulasitiki wosungunuka alibe pokhala, choncho slicer imamanga timizati toti tichotsedwe ntchito ikatha. Kasitomala akaona mnyamata akuthyola timizatito n'kutiponya m'katoni, amafunsa ngati nato walipira. Akamva kuti inde, amatitenga n'kuika m'thumba.

Pa nkhani ya kutentha, komboni ili ndi nyengo zake zimene pulogalamu yolembedwa ku Ulaya sizidziwa. PLA, pulasitiki wosavuta kuposa onse, amafuna madigiri apakati pa 190 ndi 220 pa kabowo, ndi 60 pa bedi. Mu June ndi July, m'mawa wa Lusaka umatsika pansi pa madigiri 10, mphepo imalowera pansi pa malata, ndipo makona a chinthu amayamba kutukuka pa bedi ntchito ili pakati. Mankhwala ake ndi brim, kamlomo kopyapyala komwe slicer imayala mozungulira chinthu kuti chigwire, kuphatikiza guluu wa ana a sukulu kapena sipuleyi ya tsitsi. Ndiye chifukwa chake mnyamata wometa mpala amapezeka pa saluni ya pafupi akubwereka sipuleyi, ndipo atsikana a pamenepo anamaliza kale kugamula kuti ali ndi chibwenzi chimene akubisa. Mu August ndi September fumbi limakhala pa ulusi n'kukatseka kabowo. Mvula ikayamba mu November, makamaka ku Kanyama kumene madzi amalowa m'nyumba osagogoda, ulusi umamwa chinyezi, umathetheka potuluka, ndipo chinthu chimatuluka ndi tindevu. Alangizi a pawindo amati makina akalamba. Mnyamata amasintha retraction, kubweza ulusi m'mbuyo mamilimita 5 kapena 6 mutu ukamadumpha, kenako n'kutsekera ulusiwo m'chidebe chomata bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tochokera m'mabokosi a nsapato.

Pamwamba pa onsewa pali amayi eni nyumba, amene mita ya magetsi ndi imodzi ndi alendi awo asanu. Iwo sadziwa Cura, koma amadziwa kuti mayunitsi akutha, ndipo m'nyumba yonse chinthu chachilendo ndi chimodzi. Printa yotere ikatentha kale imadya pafupifupi mawati 100 kapena kupitirira pang'ono, pomwe nsimbi imadutsa 1,000 ndipo chitofu cha mbale ziwiri chimafika cha m'ma 2,000. Mnyamata anawalembera manambalawa papepala. Amayi anawayang'ana n'kuyankha kuti nsimbi siigwira ntchito usiku wonse ikuimba nyimbo. Apa, kunena chilungamo, amayiwa ali ndi mfundo: maola 10 a kamakinako amakwana yunitsi imodzi, ndipo phokoso la timamotala take limadutsa khoma la midadada ngati kulibe. Chigamulo chinali choti azionjezera ya malaiti mwezi uliwonse, komanso awapangire chogwirira cha chitofu chomwe chinathyoka kalekale.

Chogwiriracho anachipanga ndi PLA, ndipo chinakhala sabata. PLA amayamba kufewa pa madigiri 60, kutentha kumene chitofu chophika nyemba sichikuwerengera n'komwe. Phunziro lomweli analipezanso kondakitala wa basi ya Matero, amene anaitanitsa choikira foni cha pa dashibodi ya Hiace. Mu October, galimoto yoima padzuwa pa City Market mawindo ali otseka imatentha mkati kupitirira pamenepo. Choikiracho chinawerama pang'onopang'ono mpaka foni inayamba kuyang'ana pansi.

Kondakitala anabwera nacho m'manja, gulu la pawindo lili pambuyo pake.

"Ba boss, chinthu chanu chalema."

Mdala wowotcherera anachitenga, kuchitembenuza, n'kunena kuti akanabwera kwa iye akanamupangira chachitsulo choti adzasiyire adzukulu. Wa kantemba anati iye ananena kale za liwiro. Mnyamata anatulutsa ulusi wina, PETG, umene umapirira mpaka cha m'ma 80, n'kukweza kabowo kufika pa 240, bedi pa 75, kuchepetsa kamphepo koziziritsa, makoma anayi, infill 30. Kondakitala anafunsa ngati wakuda ulipo, poti wofiira ndi wa timu imene saikonda. Unalipo wofiira wokha. Anafunsa ngati achotserako mtengo chifukwa cha mtunduwo. Mnyamata anadina, laputopu inalemba maola 3 ndi mphindi 40, ndipo asanatsegule pakamwa firiji ya amayi eni nyumba inasiya kulira kuseri kwa khoma. Kondakitala anati abwera Lachisanu, ndalama adzapereka akaona.