Dzuwa Likaphulika, Zophulikazo Zimapita Kuti?

Asayansi akuti dzuwa limaphulika n'kuponya kunja mpweya woyaka wolemera matani mabiliyoni. Langa ndi funso la mwana: zoponyedwazo zimakathera kuti? Akuti zimalowa m'mphepo ya dzuwa, tinthu tosaoneka timene timachoka kumeneko usana ndi usiku pa liwiro la makilomita pafupifupi 400 pa sekondi. Chabwino. Nanga zikalowamo zimangobalalika, kapena zimayenda zili pamodzi?

Mu 1981, Leonard Burlaga wa ku NASA ndi anzake anafotokoza chinthu chimene zombo za m'mlengalenga za Helios, Voyager ndi IMP 8 zinakumana nacho mu Januwale 1978. Anachitcha mtambo wa maginito. Mkati mwake mphamvu ya maginito ndi yaikulu, ndipo imakhota pang'onopang'ono, mwadongosolo, ngati chingwe chopota. Kuti mtambo wonse udutse chombo, pamatha pafupifupi tsiku lathunthu. Koma apa mpomwe mutu wanga umaima: akuti mtambowo ndi wozizira kuposa mphepo youzungulira. Chochokera kumoto chizizire bwanji? Amati umafufuma uli pa ulendo, ndipo mpweya ukamafufuma umazirala. Izi ndazimva, ngakhale monyinyirika.

Ndiye akudziwa bwanji kuti mtambo wodutsa kuno ndi womwe unaphulika uko, pamtunda wa makilomita 150 miliyoni? Palibe anauperekeza. Poyamba ankangowerenga masiku. Pa 6 Januwale 1997, chombo cha SOHO chinajambula kuphulika kolunjika kudziko lathu, ndipo pa 10 chombo cha Wind chinali mkati mwa mtambo. Mawa lake setilaiti ya Telstar 401 inangoti zii, ambiri n'kuloza chala mtambowo.

Tsono ngati kuphulika ndiko kumabala mtambo, bwanji mwa zophulika zitatu zilizonse zimene zombo zimakumana nazo ndi chimodzi chokha, mongoyerekeza, chimene chimaoneka ngati mtambo? Ena amati chingwecho chimakhalapo nthawi zonse, kungoti chombo chimadutsa m'mphepete osachigunda. Ena amati zophulika zimagundana m'njira n'kusokonezana. Ine ndimakondera oyambawo, mwina chifukwa yankho lawo ndi losavuta.

Chomwe chimandisowetsa mtendere ndi ichi. Akuti maginito a mtambo akaloza kumpoto, dziko silivutika kwenikweni. Akaloza kumwera, amalumikizana ndi maginito a dziko, mphamvu n'kulowa, ndipo mpamene mawailesi, masetilaiti ndi magetsi zimaona zakuda. Nanga si angoyang'ana msanga kumene akuloza? Ayi, kamera imaona mpweya wokha, siona kumene maginito akuloza. Zimenezo amaziyeza mtambo ukafika pa zombo zimene zili makilomita 1.5 miliyoni kuchokera kuno, ndipo pamenepo nthawi yotsala kawirikawiri sikwana ola limodzi. Kodi woyang'anira magetsi a dziko lonse angakonzeke chiyani m'mphindi 40?